Palibe chiyankhulo chotchedwa Chimwenye

Mphunzitsi mnzanga, mukadzapeza mwayi wogwira ndalama yapepala ya ku India, mudzaitembenuze muone kumsana kwake. Pali kabokosi kamene mtengo wa ndalamayo walembedwa m'ziyankhulo 15, ndipo mukawonjezera Chihindi ndi Chingerezi zimene zili poonekera, ziyankhulo zikukwana 17. Malamulo oyendetsera dzikolo amatchula ziyankhulo 22. Komatu kuno kwathu, mwana akaona filimu ya anthu ovina atavala sari, amangoti ndi ya Chimwenye, ngati kuti kumeneko kuli mtundu umodzi ndi lilime limodzi. Chonsecho ngakhale Amwenye amene tikukhala nawo si a chiyankhulo chimodzi. Amalonda ambiri a ku Limbe ndi ku Chipata makolo awo ankayankhula Chigujarati, pamene amene anatsika sitima ya Truro ku Durban mu Novembala 1860 kudzalima nzimbe anachokera ku Madras, dera la Chitamil ndi Chitelugu.

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya mafilimu ikufuna chiyani m'buku la aphunzitsi a ziyankhulo. Funso limene inu ndi ine timakumana nalo m'mawa uliwonse, lakuti tiyankhule chiyankhulo chanji kuti onse amve ndiponso atsalire ndani tikasankha, opanga mafilimu a ku India akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 90. Iwo akayankha molakwika ankataya chuma, ndipo nthawi zina m'misewu munkakhetsedwa mwazi.

Zithunzi zoyenda zinaonetsedwa koyamba ku Bombay, mzinda umene lero ndi Mumbai, pa 7 Julayi 1896 mu hotela ya Watson's, ndipo zinali zochokera ku France. Mu 1913 Dadasaheb Phalke anatulutsa Raja Harishchandra, nkhani ya mfumu imene inalolera kutaya ufumu, mkazi ndi mwana kusiyana n'kuphwanya lonjezo. Akazi ankakana kuonekera pa kanema poopa kunyozeka, moti mbali ya mfumukazi inaseweredwa ndi mwamuna, Anna Salunke, amene ankagwira ntchito m'nyumba yodyera. Mafilimu a nthawiyo analibe mawu. Pakati pa zochitika pankabwera mawu olembedwa, kawirikawiri m'ziyankhulo zingapo, ndipo odziwa kuwerenga ankawerengera anzawo mokweza m'holo momwemo. Filimu imodzi inkayenda kuchokera ku Lahore mpaka ku Madras popanda wodandaula kuti sakumva. Anapangidwa oposa 1,000, koma amene atsala ndi owerengeka, ena zidutswa zokhazokha.

Mtendere umenewu unatha pa 14 Malichi 1931, tsiku limene Ardeshir Irani anaonetsa Alam Ara, filimu yoyamba yoyankhula ya ku India. Situdiyo yake inali pafupi ndi njanji, choncho ankajambula usiku sitima zitasiya kudutsa. Filimuyo inatayika, palibe angaionerenso lero. Koma kuyambira tsiku limenelo wosewera aliyense akatsegula pakamwa pankayenera kutuluka chiyankhulo, ndipo wina ankayenera kuchisankha.

Taganizirani za Ruby Myers, amene oonera ankamudziwa ndi dzina loti Sulochana. Anali Myuda wobadwira ku Poona, poyamba ankagwira ntchito yolumikiza matelefoni, ndipo m'zaka za mafilimu opanda mawu anali mmodzi mwa otchuka ndi olipidwa kwambiri. Ankagwira ntchito pa kampani ya Irani yomweyo. Koma Chihindustani sankachiyankhula bwino, ndiye mbali yaikulu ya Alam Ara inapita kwa Zubeida. Sulochana anapuma pa ntchito pafupifupi chaka chathunthu, n'kukhala pansi ngati mwana wa sukulu kuphunzira chiyankhulo, ndipo anabwereranso mu 1932. Anzake ena otchuka sanabwerere, anazimiririka pamodzi ndi mafilimu opanda mawu. Ndikamaganiza za mayi ameneyu ndimakumbuka wophunzira amene wasamuka ndi makolo kuwoloka malire. Dzulo anali woyamba m'kalasi, lero ali chete pa benchi yakumbuyo, nzeru zake zonse zikadalipo.

Chaka chomwecho cha 1931, pa 31 Okutobala, ku Madras kunaonetsedwa Kalidas, imene imawerengedwa kuti ndi filimu yoyamba yoyankhula Chitamil. Inajambulidwa ku Bombay, pa malo omwe anakonzera Alam Ara. Mayi wosewera mbali yaikulu, T. P. Rajalakshmi, ankayankhula m'Chitamil, mwamuna wosewera naye n'kumamuyankha m'Chitelugu, pamene L. V. Prasad, yemwe anali ndi kambali kakang'ono, ankayankhula Chihindi. Ena amaziona ngati zoseketsa. Ine sindiseka, chifukwa umu ndi mmene msika wa pa malire a Songwe umamvekera, ndipo malonda amatheka ndithu. Pasanapite nthawi chiyankhulo chilichonse chinafuna yakeyake. Chimarathi chinayankhula pa kanema mu 1932, Chikannada mu 1934, Chiassamese mu 1935, Chimalayalam mu 1938.

Bombay inasankha chiyankhulo cha pamsika. Eni dera la mzindawo amayankhula Chimarathi, amalonda ake ambiri Chigujarati, koma mafilimu ake anatenga Chihindustani, chiyankhulo cha m'misewu ya kumpoto kwa dzikolo. Apa pafunika kufotokoza pang'ono. Chihindi ndi Chiurdu zili ndi malamulo a chiyankhulo ofanana ndiponso mawu a tsiku ndi tsiku amodzimodzi, ndipo zimenezi pamodzi ndiye Chihindustani. Zimasiyana pa zilembo. Chihindi chimalembedwa ndi zilembo za Devanagari kuyambira kumanzere, Chiurdu ndi zilembo zochokera ku Chiarabu kuyambira kumanja. Zimasiyananso kumene zimakatunga mawu ozama: Chihindi ku Chisanskrit, Chiurdu ku Chiperisiya ndi Chiarabu. Andale anazikoka kuti zitalikirane, china chikhale cha Ahindu, china cha Asilamu, makamaka dziko litagawidwa mu 1947 n'kubadwa Pakistan. Mayina oti Chichewa ndi Chinyanja akukumbutseni kanthu, ngakhale kuti kwathu kuno nkhaniyo sinafike pamenepo.

Opanga mafilimu sanafune kutaya wogula tikiti ndi mmodzi yemwe, choncho anaima pakati. Dzina la filimu linkalembedwa m'zilembo zitatu, za Chingerezi, za Devanagari ndi za Chiurdu. Nyimbo zinkapekedwa ndi alakatuli a Chiurdu monga Sahir Ludhianvi, Shakeel Badayuni ndi Majrooh Sultanpuri. Dilip Kumar, katswiri wa m'ma 1950, anabadwira ku Peshawar ndipo dzina lake lenileni linali Muhammad Yusuf Khan. Mughal-e-Azam ya mu 1960 inayankhula Chiurdu cholemera cha kunyumba ya mfumu, ndipo anthu a zipembedzo zonse anadzaza maholo.

Nyimbo nazo zinabala ntchito yatsopano. Kuyambira mu 1935, pamene situdiyo ya New Theatres ya ku Calcutta inayamba kujambula nyimbo padera kuti wosewera azingotsatira ndi milomo, woimba anasanduka munthu wosaoneka, wodziwika ndi mawu ndi katchulidwe basi. Lata Mangeshkar anakulira m'banja loyankhula Chimarathi. Ali mtsikana wongoyamba kumene, Dilip Kumar ananenapo kuti anthu a kwawo satchula bwino Chiurdu. Mawuwo anamulasa mtima, ndipo anafuna mphunzitsi woti amuwongole lilime. Pomwalira mu 2022 anali atayimba m'ziyankhulo zoposa 30. Nkhaniyi anthu amaikamba moyamikira, ngati kuti chipongwecho ndicho chinamupanga. Ine ndimaimva mwina. Pa ana amene amasekedwa m'makalasi mwathu chifukwa cha katchulidwe ka kwawo, ndi angati amene amayankha ngati Lata? Ambiri amangotseka pakamwa mpaka chaka kutha.

Boma silinakondwe ndi chiyankhulo chosakanizachi. B. V. Keskar, nduna yoona zofalitsa nkhani kuyambira 1952 mpaka 1962, anachepetsa kwambiri nyimbo za m'mafilimu pa wailesi ya All India Radio poziona ngati zoipitsa chikhalidwe. Nkhani pa wailesiyo zinkawerengedwa m'Chihindi chodzaza mawu a Chisanskrit, chimene anthu wamba ankavutika kuchitsata. Omvera sanachite zionetsero. Anangopotokola wailesi n'kupeza Radio Ceylon, ya pachilumba chimene lero ndi Sri Lanka, pomwe Ameen Sayani ankaulutsa pologalamu ya nyimbo za m'mafilimu ya Binaca Geetmala m'Chihindustani chosavuta cha munthu aliyense. Pofika 1957 All India Radio inagonja n'kutsegula Vividh Bharati kuti iziimba nyimbo zomwezo. Aliyense amene anakhalapo m'komiti yopeka mawu atsopano a chiyankhulo chathu aziikumbukira nkhani imeneyi.

Tsopano titsikire kummwera, kumene nkhani inali ina. Chitamil, Chitelugu, Chikannada ndi Chimalayalam si abale a Chihindi. Ndi za banja lina, la Chidravida. Pa chibale cha ziyankhulo, Chihindi ndi msuweni wakutali wa Chipwitikizi ndi Chingerezi, pamene kwa Chitamil ndi mnansi chabe. Chitamil chili ndi ndakatulo za zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo eni ake amadziwa zimenezi.

Mafilimu oyamba a Chitamil anali ambiri a nthano za milungu, odzaza nyimbo ndi mawu a Chisanskrit. Kenaka mu 1952 kunabwera Parasakthi. Mawu ake analemba ndi M. Karunanidhi, mnyamata wa chipani cha DMK, ndipo wosewera wamkulu anali Sivaji Ganesan, amene iyi inali filimu yake yoyamba. Nkhani yake ndi ya mnyamata wobwerera kwawo kuchokera ku Rangoon pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Amuberatu chuma chonse, n'kupeza mchemwali wake ali wamasiye, wopemphetsa, wozunzidwa ndi anthu olemekezeka kuphatikizapo wansembe wa m'kachisi. Kumapeto mnyamatayo aimirira m'bwalo la milandu n'kuyankhula kwa nthawi yaitali, kuimba mlandu anthu onse amene analola zoterezi. Chimene chinagwedeza anthu ndi Chitamil chakecho, chosalala, cha mawu oyamba ndi maliwu ofanana otsatizana, chotuluka ngati mvula ya mkuntho. Achinyamata anachiloweza pamtima n'kumachilakatula m'misewu. Palibe anawapatsa ngati ntchito ya kunyumba.

Mphamvu ya zimenezi inadzaoneka patapita zaka 13. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1950 anati Chihindi ndicho chidzakhale chiyankhulo cha boma, Chingerezi chipitirire kwa zaka 15 zokha. Zakazo zitakwana mu Januwale 1965, ophunzira a m'makoleji a chigawo cha Madras anatuluka m'misewu, poona kuti mwana wa Chitamil adzapikisana bwanji pa mayeso a ntchito za boma ndi mwana amene Chihindi anachiyamwa. Anthu ambiri anafa, ena anadziwotcha okha. Boma la ku Delhi linabwerera m'mbuyo ndipo Chingerezi chinakhala. Mu 1967 DMK inapambana chisankho cha chigawocho, mtsogoleri wake C. N. Annadurai, nayenso wolemba masewero ndi mafilimu, n'kukhala nduna yaikulu. Mu 1969 chigawocho chinatchedwa Tamil Nadu. Atamwalira Annadurai analowa ndi Karunanidhi uja, kenaka wosewera M. G. Ramachandran kuyambira 1977 mpaka 1987, kenaka wosewera mnzake Jayalalithaa mu 1991. Sindikunena kuti ndi chinthu chabwino dziko kumalamulidwa ndi anthu chifukwa choti nkhope zawo zinazolowereka pa kanema. Kupembedza akatswiri kumeneku kuli ndi zoipa zake. Koma ndani angakane kuti kunyadira Chitamil kunafika kwa mlimi ndi woyendetsa ngolo kudzera m'holo ya kanema, nthawi imene ambiri mwa iwo buku sankatha kuliwerenga?

Oyankhula Chitelugu anayenda njira yofanana. Potti Sriramulu anamwalira mu Disembala 1952 atasala kudya masiku oposa 50 pofuna chigawo cha chiyankhulo chawo. Chigawo cha Andhra chinabadwa mu 1953, ndipo mu 1956 malire a zigawo zambiri za India anadulidwanso potsata ziyankhulo. N. T. Rama Rao, amene anthu anazolowera kumuona akusewera ngati Krishna, anayambitsa chipani cha Telugu Desam mu 1982, ndipo miyezi 9 yokha itadutsa anali nduna yaikulu. Ku Calcutta nako, Satyajit Ray anatulutsa Pather Panchali mu 1955, filimu ya Chibengali yofatsa, ya banja losauka la kumudzi, yopanda kuvina kulikonse. Muikumbukire wina akadzakuuzani kuti mafilimu onse a ku India ndi ovina.

M'dziko lotere nkhani yabwino sikhala m'chiyankhulo chimodzi. Devdas ndi buku la Chibengali la Sarat Chandra Chattopadhyay, la mu 1917. Mwana wa mwinimalo wolemera akonda Parvati, mtsikana woyandikana naye nyumba. Makolo akana, mtsikanayo akwatiwa ndi bambo wachikulire wamasiye, ndipo mnyamatayo adziwononga ndi mowa mpaka kukafera pakhomo pa wokondedwa wakeyo. P. C. Barua anaijambula m'Chibengali mu 1935, kenaka m'Chihindi ndi woimba K. L. Saigal. Inabwera m'Chitelugu mu 1953, m'Chihindi kachiwiri mu 1955 ndi Dilip Kumar, ndiponso mu 2002 ndi Shah Rukh Khan m'nyumba zonyezimira ngati za mafumu. Mu 2009 Dev.D inaisamutsira ku Punjab ndi ku Delhi wa masiku ano, wa mafoni a m'manja. Mafupa ndi omwewo, koma m'badwo uliwonse ndi chiyankhulo chilichonse chinavekapo mnofu wake.

Nanga nkhanizi zimafika bwanji kwa ophunzira athu? Njira imodzi ndi ya Chingerezi. Kuyambira mu 2015 Zee World ya pa DStv imaonetsa masewero a ku India atawalowetsa mawu a Chingerezi. Njira ina ndi ya anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, amene timawatcha ma DJ, omwe ntchito yawo imamveka m'mashowu a vidiyo m'misika yathu. Aphunzitsi ambiri amawanyoza, ndipo n'zoona kuti amawonjezera zawozawo, ena amatukwana, ena nkhani amangoipeka poona zithunzi. Komabe iwo akuchita zomwe ankachita owerengera anzawo aja m'maholo a ku Bombay, ndipo ali ndi chida chimene womasulira m'Chingerezi alibe.

Ndikunena za ulemu ndi chibale. Chingerezi chili ndi mlowam'malo mmodzi wa munthu amene ukuyankhula naye, kaya ndi mfumu kaya ndi mwana. Chihindi chili ndi atatu: tu, tum ndi aap. Chitelugu chili ndi nuvvu ndi meeru, Chitamil nee ndi neengal, ndipo m'ziyankhulo ziwirizi mawu aulemuwo ndi ochulukitsa, ndendende ngati iwe ndi inu. Mwana wopsa mtima akasiya kutchula bambo ake kuti inu n'kuwatchula kuti iwe, holo yonse ya ku Chennai imagwira pakamwa. M'Chingerezi palibe chachitika. M'Chichewa chachitika chachikulu.

Pa chibale ndiye mungadabwe. M'Chitamil mkulu wa bambo ndi periyappa, kutanthauza bambo aakulu, ndipo mng'ono wawo ndi chithappa, bambo aang'ono. Mkulu wa mayi ndi periyamma, mayi aakulu. Ana a anthu amenewa ndi abale ako enieni. Koma mlongo wa mayi ndi mama, amalume, mlongo wa bambo ndi athai, azakhali, ndipo ana a awiriwa ndi asuweni amene mwambo umalola kukwatirana nawo. Mayabazar ya mu 1957, imodzi mwa mafilimu okondedwa kwambiri a Chitelugu, yaima pamenepa. Balarama analonjeza mwana wake Sasirekha kwa Abhimanyu, mwana wa mchemwali wake. Banja la mnyamatayo litataya chuma pa juga, lonjezolo linayamba kuzembedwa kuti mtsikana akwatiwe kolemera. Agogo a ku Ntcheu kapena ku Katete sangafune wowafotokozera nkhani ya chisuweni imeneyi. Koma kwa Ahindu ambiri a kumpoto kwa India mwana wa amalume ndi mlongo wako, moti nkhani yotere singawoloke kupita m'Chihindi osasintha kanthu. Pa mfundo imeneyi Hyderabad ali pafupi ndi Lilongwe kuposa Delhi.

Ophunzira anu ambiri anaonera Baahubali, filimu ya Chitelugu ya S. S. Rajamouli imene inatuluka m'zigawo ziwiri, mu 2015 ndi mu 2017, n'kudzaza maholo ngakhale kumpoto italowetsedwa mawu a Chihindi. Gawo loyamba limatha ndi kuulula kuti mwana wa mfumu Amarendra Baahubali anaphedwa ndi Kattappa, kapolo wokhulupirika wa banja lachifumu, ndipo dziko lonse linadikira zaka ziwiri kuti limve chifukwa chake. Amarendra ankatchula kapoloyo kuti mama, amalume. Mchewa akamva kuti munthu walasidwa kumsana ndi amene ankamutcha amalume, mwinimbumba wothawirako pa mavuto, amamva kulemera konse kwa chiwembucho. Liwu la Chingerezi limene limaikidwa pamenepo ndi lomwe mwana amaitanira bambo aliyense wodutsa pamsewu.

Filimu yomweyo ili ndi chinthu chimene sindigwirizana nacho, ndipo musachibise kwa ophunzira. Adani olusa otchedwa Kalakeya anawapaka khungu lakuda bii, n'kuwapatsa chiyankhulo chopeka, chimene anakonza Madhan Karky, chokhala ndi maliwu othetheka ndi lilime. Kwa oonera ambiri kumeneko maliwu otere ndi chizindikiro cha anthu akutchire. Kwa ife ndi maliwu a Chixhosa ndi Chizulu, ziyankhulo zimene anzathu ena owerenga buku lino amaphunzitsa tsiku ndi tsiku.

Ngati muli ndi foni yosunga kanema, yesani izi sabata ino. Sankhani mphindi zisanu za filimu ya ku India pamene banja likukangana, muzimitse mawu, ndipo ophunzira m'magulu alembe zimene anthuwo akuyankhula, m'chiyankhulo chimene mumaphunzitsa. Gulu lililonse lisankhe kuti ndani akuti iwe, ndani akuti inu, ndi pamzere uti pamene zikusintha. Lisankhenso kuti bambo wa ndevu waima pakhomoyo ndi ndani kwa mtsikana akulirayo. Amene alembe kuti ndi ankolo, muwafunse kuti ndi ankolo a kuchimuna kapena a kuchikazi, ndiponso ngati mwana wa ankolowo angakwatire mtsikanayo.